Chikondi cha M'chikwere

Nyama zambiri zimene anthu amazisautsa amazisautsa pa zifukwa zodziwika. Njoka amaipha chifukwa cha mantha, fisi chifukwa cha udani, ndipo gwape amafera nkhuli ya munthu. Koma pali mbalame ina imene tsoka lake lidadzera njira yachilendo. Mbalameyi ndi chinkhwe. Anthu sachiopa chinkhwe ndipo ambiri sadana nacho. Amachisirira, amachitama, ena amalipira ndalama zochuluka kuti akhale nacho m'nyumba zawo. Komabe mwa mbalame zonse za pa dziko lapansi, zinkhwe zili m'gulu la zimene zikuchepa modetsa nkhawa. Mitundu ya zinkhwe ilipo pafupifupi 400, ndipo pafupifupi umodzi mwa mitundu itatu iliyonse uli pa ngozi yotheratu. Izi zikutipatsa funso loyenera kuliganizira mofatsa. Kodi munthu akatenga chinthu chimene akuti amachikonda, nachichotsa kwawo, nachitsekera kuti azichiona yekha, chimenecho tingachitche chikondi?

Tisanayankhe funsoli, tiyambe taona chimene chimakopa anthu pa mbalameyi. Chinkhwe chimadziwika ndi mlomo wake wokhota ndi wolimba umene chimaswera mtedza ndi njere zouma. Phazi lake lili ndi zala zinayi, ziwiri zoloza kutsogolo ndi ziwiri zoloza kumbuyo, ndipo ndi phazi limeneli zinkhwe zambiri zimagwira chakudya n'kupititsa kukamwa monga achitira munthu ndi dzanja. Nthenga zake ndiye zosasimbika. M'nkhalango za ku South America muli zinkhwe zikuluzikulu za michira italiitali, zina zofiira psuu, zina za msana wonga thambo ndi chifuwa chachikasu. Ku Australia kuli zoyera mbee, zokhala ndi tsumba pamutu. Kuno ku Africa zambiri n'zobiriwira, koma chotchuka koposa ndi chinkhwe chotuwa ngati phulusa, cha mchira wofiira, chimene kwawo ndi m'nkhalango zowirira za kumadzulo ndi pakati pa Africa.

Chimene chimadabwitsa kuposa nthenga ndi nzeru. Kwa zaka zambiri anthu ankakhulupirira kuti chinkhwe chimangobwereza mawu osadziwa tanthauzo lake, n'chifukwa chake wophunzira wongoloweza zinthu amamufanizira ndi mbalameyi. Maganizo amenewa adagwedezeka ndi ntchito ya mayi wina wa ku America, katswiri wa sayansi, dzina lake Irene Pepperberg. Mu 1977 mayiyu adagula chinkhwe chotuwa m'sitolo ina mumzinda wa Chicago nachitcha dzina loti Alex. Adachiphunzitsa kwa zaka 30 mpaka pamene chidafa mu 2007. Alex adadziwa mawu a Chingerezi oposa 100. Ankatchula mayina a zinthu pafupifupi 50, ankasiyanitsa mitundu 7 ya utoto, ndipo ankawerenga zinthu mpaka 6. Akamuonetsa zinthu ziwiri n'kumufunsa pamene zasiyana, ankanena ngati kusiyanako kuli pa mtundu, pa kaumbidwe kapena pa chimene zidapangidwira. Zikakhala zofanana m'zonse, ankayankha kuti palibe. Cholengedwa chotha kuyankha chotere sitingachiyese galasi longobweza chithunzi cha mwini wake.

Nanga nzeru zimenezi ntchito yake n'chiyani kuthengo, kumene kulibe munthu woti zimuseketse? Zinkhwe ndi mbalame zokhala m'magulu. Zimadya pamodzi, zimagona pamodzi, ndipo m'mitundu yambiri yaimuna ndi yaikazi zikakwatirana zimakhala limodzi kwa zaka zambiri, kaya moyo wonse. Kuti moyo wotere utheke pamafunika kudziwana ndi kuitanizana. Ku Venezuela akatswiri adapeza kuti mwa tizinkhwe tina tobiriwira ta kumeneko, kalikonse kali ndi kaliridwe kakekake kamene anzake amakazindikirira, ndipo kaliridweko kamaphunziridwa kwa makolo mwana akali m'chisa. Adatsimikiza izi posinthanitsa mazira m'zisa, ndipo ana adatengera kaliridwe ka makolo owalera, osati ka owabereka. Tsono luso lotsanzira mawu ndi chingwe chimene chimamanga chinkhwe kwa anzake. Chikatsekeredwa chokha m'nyumba, chimatsanzira munthu chifukwa munthuyo ndiye gulu lokhalo limene chatsala nalo. Mawu amene amaseketsa alendo pakhonde ndi mawu a mbalame yofuna abale ake.

Tiyeni tsono titsate ulendo wa chinkhwe chotuwa kuchokera kunkhalango kukafika m'chikwere. Ku Cameroon, ku Congo ndi m'mayiko oyandikana nawo, osaka amakwera mitengo imene zinkhwe zimagonamo n'kutchera timitengo topaka ulimbo. Ena amatchera maukonde pabwalo la m'nkhalango pamene mbalamezi zimatera pofuna madzi ndi dothi lamchere. Kawirikawiri amamangirira chinkhwe chimodzi pafupi ndi msampha kuti kulira kwake kuitane zinzake. Ena amatulutsa ana m'mphako, ndipo mphako ikatalika amagwetsa mtengo wonse. Zogwidwazo amazithyola kapena kuzidula nthenga za m'mapiko, naziunjika m'mabokosi othina, ndipo zambiri zimafera m'njira ndi njala, ludzu, matenda ndi mantha zisadafike n'komwe pabwalo la ndege. Kuyambira mu 1975 mpaka pamene malondawa adaletsedwa, zinkhwe zotuwa zoposa 1,000,000 zidatumizidwa kunja kwa mayiko akwawo movomerezeka ndi lamulo. Chiwerengero chimenechi sichiphatikizapo zofera m'njira kapena zozembetsedwa.

Zotsatira zake zidaonekera poyera ku Ghana. Dzikoli lidali ndi magulu aakulu a zinkhwe zotuwa, koma akatswiri atabwerera kumalo amene anzawo adawerengako mbalamezi cha mu 1992, adapeza kuti pa zinkhwe 100 zilizonse, zosachepera 90 zidali zitatha m'zaka zongopitirira 20. Malonda ndiponso kudulidwa kwa mitengo ikuluikulu ndizo zidachititsa. Chinkhwe sichiswana ngati mpheta. Chimachedwa kukhwima, chimaikira mazira ochepa, ndiponso chimafuna mphako ya mtengo wakale kuti chiswe ana. Mu 2016 mayiko amene adasaina pangano la CITES, loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zakuthengo, adakumana ku Johannesburg nagwirizana zoletsa kugulitsa kunja zinkhwe zotuwa zogwidwa kuthengo. Lamuloli lidathandiza, koma silidathetse kuzembetsa, pakuti pamene pali wogula wofunitsitsa sipalephera kupezeka wogulitsa.

Mbiri ikutichenjeza za kumene njira yotere imathera. Kum'mawa kwa dziko la United States kudali chinkhwe chobiriwira cha mutu wachikasu chimene chinkauluka m'magulu aakulu. Alimi ankachiwombera chifukwa chodya zipatso ndi mbewu, amalonda ankafuna nthenga zake zokongoletsera zipewa za amayi, ena ankachigwira kuti akachiwete, kwinaku nkhalango zake zikugwetsedwa. Chimene chidafulumizitsa imfa yake ndi khalidwe lake losataya mnzake. Chimodzi chikalasidwa, zinzake zinkabwerera n'kumazungulira pamwamba pake, motero mlenje ankatha gulu lonse ataima malo amodzi. Chomaliza chodziwika chidafera m'chikwere kumalo oonetserako nyama a ku Cincinnati mu 1918. Madzi akatayika saoleka. Lero palibe ndalama, lamulo kapena nzeru imene ingachibweze.

Tikaunika zonsezi tiona chinthu chomvetsa chisoni. Chilichonse chabwino chimene chinkhwe chili nacho, munthu adachisandutsa msampha. Nthenga zokongola zidaitana wamalonda, luso la mawu lidaitana wogula, ndipo kukhulupirika kwa mbalameyi kwa anzake ndiko kumaigwetsera mu ukonde. Apa m'pamene tiyenera kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene zimaoneka ngati zofanana: kusirira ndi kukonda. Wosirira amafunsa kuti, "Kodi chinthuchi chindisangalatsa bwanji?" Wokonda amafunsa kuti, "Kodi chinthuchi chikhala bwino bwanji?" Wosirira amayamba ndi iye mwini ndipo amathera pa iye mwini. Wokonda amayamba wadziwa chimene wokondedwayo ali ndi chimene amafuna. Munthu amene akudziwa kuti chinkhwe chidalengedwa kuti chiuluke mitunda italiitali tsiku lililonse pamodzi ndi zinzake, koma n'kuchiika m'chikwere chimene sichingatambasulemo mapiko, wasankha chisangalalo chake pamwamba pa moyo wa mbalameyo, ngakhale aziidyetsa mtedza wabwino chotani.

Makolo athu adali ndi dzina la chikondi chotere. Adati ndi chikondi cha nkhwangwa, chokoma pokwera. Chinkhwe chotuwa chikhoza kukhala ndi moyo zaka 40 kapena kuposerapo. Wogula amakondwa nacho miyezi yoyamba, chikamatchula dzina lake ndi kulonjera alendo. Pakapita nthawi amatopa ndi phokoso, zitosi ndi kuluma, ndipo mbalame ija imayamba kupatsidwa kwa uyu ndi uyo, kapena kuiwalidwa kuseri kwa nyumba. Zinkhwe zambiri zosungulumwa zimayamba kudzizula nthenga mpaka chifuwa kutsala chamaliseche, khalidwe limene silionekaoneka pakati pa zakuthengo. Nzeru zomwe zija zimene zidachikweza mtengo pamsika ndizo zimakulitsa kuzunzika kwake, pakuti cholengedwa chodziwa zambiri chimasowanso zambiri chikatsekeredwa.

Komatu nkhani siimveka mbali imodzi, ndipo pali zifukwa zingapo zimene ena angapereke. Wina angati wotchera ulimbo uja ndi mmphawi wofuna kudyetsa ana ake, ndipo n'kulakwa kuika mbalame patsogolo pa munthu. Mawuwa ali ndi choonadi, ndipo wokhuta sayenera kuweruza wanjala mopepuka. Koma tikatsata ndalama tipeza kuti wokwera mtengo, amene amaika moyo wake pachiswe, amalandira kachigawo kochepa zedi ka mtengo umene chinkhwe chimagulidwira ku mizinda yakutali. Phindu lenileni limatsalira amalonda a pakati. Zinkhwe zikatha, amalondawo amasamukira dera lina, mmphawi uja n'kutsala ndi umphawi wake womwewo pamodzi ndi nkhalango yopanda kanthu. Choncho mlandu waukulu uli pa wogula, amene sakakamizidwa ndi njala koma ndi chilakolako chabe.

Wina angati pali zinkhwe zambiri zimene zidaswedwa m'manja mwa anthu ndipo sizidziwa thengo. N'zoona kuti kusunga mbalame yotere sikulanda nkhalango kanthu, ndipo kuitaya kutchire kungakhale kuipha. Komabe kubadwira m'chikwere sikuchotsa mapiko kapena kufuna anzake. Amene ali nayo kale mbalame yotere wasenza udindo wa zaka zambiri wakuipatsa malo okwanira, chakudya choyenera ndi anzake ocheza nawo. Amene sadagule adzifunse kawiri, pokumbukiranso kuti ozembetsa amabisa zogwidwa kuthengo pakati pa zoswedwa pakhomo.

Chifukwa champhamvu koposa n'chakuti nthawi zina chikwere chapulumutsa mtundu wathunthu. Kumpoto chakum'mawa kwa Brazil, m'dera la Curaçá, kudali chinkhwe cha nthenga zonga thambo chotchedwa ndi dzina la Spix, katswiri wa ku Germany amene adachipeza mu 1819. Mitengo ya m'mbali mwa mitsinje yake idadulidwa, ndipo chitayamba kusowa, anthu olemera okonda kusunga mbalame zosowa adachifuna koposa. Pofika mu 1990 kuthengo kudatsala chimodzi chokha, chachimuna, chimene posowa mkazi wa mtundu wake chidaphatikana ndi chinkhwe cha mtundu wina. Nacho chidazimirira mu 2000. Mtunduwu udatsalira m'zikwere zokha, ndipo kuchokera mwa zoswedwa m'menemo, zinkhwe 20 zidamasulidwa ku Curaçá mu 2022. Kodi pamenepa chikwere sichidachite bwino? Chidachitadi bwino, koma tisaiwale kuti chikwere chomwecho ndicho chidathandiza kupulula thengo poyamba. Ndiponso cholinga cha osunga achiwiriwa chidali chosiyana ndi cha oyamba aja. Oyamba adatsekera kuti chinkhwe chikhale chawo, achiwiri adatsekera kuti tsiku lina adzatsekule. Muyeso wa chikondi uli pamenepo.

Tisaganize kuti nkhaniyi ndi ya mayiko akutali okha. M'nkhalango yosungirako nyama ya Liwonde, m'mbali mwa mtsinje wa Shire, muli kachinkhwe kakang'ono kobiriwira, ka nkhope yofiirira, mlomo wofiira ndi mkombero woyera kuzungulira diso. Mu 1894 kadapatsidwa dzina la mayi wa Chingerezi, Lilian Sclater, ndipo m'Chingerezi amakatcha mbalame yachikondi chifukwa kakamuna ndi kakakazi timakonda kukhala mogundana ndi kupesana nthenga. Kamapezekanso m'zigwa za Luangwa ndi Zambezi, koma m'Malawi muno kwawo ndi ku Liwonde. Katswiri wa mbalame wa m'dziko lino, Tiwonge Mzumara-Gawa, adafufuza moyo wa timbalameti ndipo adaonetsa kuti timadalira kwambiri mphako za mitengo ikuluikulu ya tsanya pogona ndi poswana. Adaonetsanso kuti m'chilimwe anthu osaka mozemba amathira chiphe m'maiwe pofuna kupha nyama ndi mbalame zandiwo, ndipo tizinkhweti, timene timamwa madzi m'magulu, timafera pomwepo ngakhale sitidali kufunidwa.

Chitsanzo cha ku Liwonde chikutionetsa mdani wachiwiri wa chinkhwe, amene ndi kusalabadira. Wothira chiphe m'dziwe sadana ndi kachinkhwe, ndipo wogwetsa tsanya kuti awotche makala mwina sadziwa n'komwe kuti mumphako mwake mumagona mbalame. Koma tsanya amakula pang'onopang'ono, ndipo kuti akhale ndi mphako yoyenera pamapita zaka zambirimbiri. Thumba la makala limatha m'masabata owerengeka, pamene nyumba imene yapsa m'thumbamo idamangidwa kwa mibadwo. Pamenepa wokhala m'tauni amene amagula makalawo sangasambe m'manja kuti mlandu ndi wa kumudzi. Wosirira ndi wosalabadira amaoneka osiyana, koma nthenda yawo ndi imodzi: onse awiri saona mbalameyo monga cholengedwa chokhala ndi moyo wakewake. Kwa woyamba ndi chokongoletsera nyumba, kwa wachiwiri ndi chinthu chosawerengeka.

Mlimi amene mapira ake amadyedwa ndi timbalameti ali ndi dandaulo lomveka, ndipo sitingamuuze kuti angopirira. Koma kuyambira kale anthu akhala akuingitsa mbalame m'minda popanda kupulula mtundu wake. Kuteteza munda ndi chilungamo, pamene kuthira chiphe m'madzi amene nyama zonse zimamwa, ndi kudyetsa anthu nyama yofa ndi chiphecho, ndi kuwononga kopanda malire. Munthu adapatsidwa nzeru zoposa za chinkhwe, ndipo nzeru zochuluka zimadza ndi udindo wochuluka. Mfumu yabwino imadziwika ndi m'mene anthu ake akukhalira, osati ndi kuchuluka kwa zimene yalanda.

Phunziro la chinkhwe silithera pa mbalame. Pakati pa anthu chiliponso chikondi cha m'chikwere. Alipo mwamuna amene amaletsa mkazi wake kucheza ndi abale kapena kugwira ntchito, nati n'chifukwa chomukonda. Liliponso kholo limene limatsekereza mwana njira ya luso lake pofuna kuti akhale chimene kholo likufuna kuonetsa kwa anthu. Onsewa amadyetsa ndi kuveka, monga mwini chinkhwe amathira mtedza m'mbale, koma amaiwala kufunsa chimene wokondedwayo adalengedwera. Amene waphunzira kuona mbalame ikuuluka popanda dzanja lake kuyabwa kuti aigwire waphunzira chinthu chimene chidzamuthandiza m'banja, paubwenzi ndi pautsogoleri.

Tsono funso lathu lija layankhika. Kutenga chinkhwe kuthengo n'kuchitsekera si chikondi, ngakhale wochita zimenezi atakhala wamtima wofewa. Ndi kusirira kumene kwabwereka dzina la chikondi. Wokonda chinkhwe moona amakana kugula chogwidwa kuthengo, amasiya mtengo wamphako uli chiimire, amasunga dziwe laukhondo, ndipo akafuna kuchiona amapita kwawo kwa mbalameyo monga mlendo waulemu. Achinyamata a lero ndiwo adzakhale ogula, alimi, amalonda ndi opanga malamulo a mawa. Zimene adzasankhe ndizo zidzanene ngati adzukulu awo adzamve tizinkhwe tikulira m'mitengo ya tsanya ya ku Liwonde, kapena adzangotiona pa chithunzi monga ana a ku America aonera chinkhwe chawo chimene chidatha mu 1918.